Mwana ali mu sewero la Khirisimasi: kwa telala, ku kaunjika, kubwereka kapena chitenje cha m'nyumba?

Uthenga wa zovala za sewero sufika pa nthawi yabwino. Aphunzitsi a Sande sukulu amagawa mbali kumayambiriro kwa Disembala, ana n'kumakayeserera kutchalitchi masana aliwonse, koma kholo limadzamva kutatsala masiku awiri kuti mwana wake ndi mngelo Gabirieli ndipo pakufunika mapiko. M'nyumba ya ana atatu zimatheka kuti wamkulu ndi mmodzi wa anzeru akum'mawa, wapakati ndi m'busa, chitsirizira ndi nkhosa. Komanso uwu ndi mwezi umene ndalama inalowa kale m'munda. Feteleza wobereketsa akudikira, fizi ya Januwale ikusuzumira, mpunga ndi nkhuku za pa 25 sizinagulidwe.

Njira zimene makolo amathamangira ndi zodziwika: kusoketsa, kukasaka ku kaunjika, kubwereka, kapena kufwanthula zomwe zili m'nyumba. Musanasankhe, kumbukirani kuti munthu wokhala benchi yakumbuyo m'tchalitchi saona msoko. Amaona ndodo n'kudziwa kuti uyu ndi m'busa, amaona chisoti n'kudziwa kuti uyu ndi Herode. Chovala cha sewero chimadziwika ndi chinthu chimodzi, ndipo mphamvu zanu ndi kandalama kanu zipite pa chinthu chimenecho. Zina zonse ndi zongophimba kabudula ndi malaya a mwana.

Mtima umayamba kuthamangira kwa telala. Zoona, mkanjo wa sewero si ntchito yovuta: nsalu yopinda pawiri, bowo la mutu, mizere iwiri m'mbali. Telala wa pakhonde la sitolo, wa makina opalasa ndi phazi, akhoza kuumaliza inu muli chiimire, ndipo kuthima kwa magetsi sikumukhudza. Vuto ndi mwezi wake. Mu Disembala pambali pa makina pamakhala mulu wa madiresi a Khirisimasi, zovala za operekeza ukwati ndi mayunifolomu amene makolo ochenjera aperekeratu. Kamkanjo kanu kakalowa pansi pa muluwo, yankho mukulidziwa kale: "Mubwere mawa chakumadzulo, mayi, kwangotsala kupinda m'munsi." Mawa limenelo limafika sewero litatha. Muwerengerenso mtengo wa nsalu ndi wosokera, pa chovala chimene mwana avale kanthawi kochepa ndipo chaka chamawa chidzakhala chitam'chepera. Telala amathandiza pamene mpingo wonse wasonkha n'kusoketsa mikanjo mu Okutobala, yomasungidwa m'bokosi kutchalitchi chaka ndi chaka. Kwa banja limodzi nthawi itatha kale, ayi. Komabe mudutseko, mumupemphe tizidutswa ta nsalu tomwe tagwa pansi pa makina. Timeneto ndi malamba, zomangira kumutu ndi zingwe za mapiko.

Kaunjika ndi nkhani ina, ndipo amene amalephera kumeneko ndi amene amapita kukafuna "zovala za mngelo". Ku Tsoka ku Lilongwe, mumsika wa Limbe kapena m'masitolo a DAPP, maso anu akhale pa mulu wa za m'nyumba: nsalu zoyala pabedi, makatani, mapilo kesi, masikafu. Katani imodzi yofiira yolemera imasandutsa mwana wowonda kukhala mfumu. Katani ya lesi yoyera ikwanira angelo awiri. Gawuni yovala pochoka kosamba, ija yokhala ndi lamba wake, ndi Yosefe wathunthu osasoka kanthu. Nthawi zina mumatuluka zovala zenizeni za masewero, chifukwa ku Britain ndi ku America ana amavala zoterezi pa Halloween, pa 31 Okutobala, zikatha ntchito zina n'kulowa m'mabelo. Koma zambiri mwa izo ndi za mafupa a munthu ndi zipewa za mfiti, zomwe simungalowe nazo m'tchalitchi. Mapiko enieni mukawapeza ndi mwayi chabe, musaudalire.

Kaunjika wasiya kukhala wotchipa monga kale. Mabelo amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya pamulu inakwera nayo limodzi. Muonjezepo ya minibasi, ndi tsiku lathunthu lovundula milu. China chimene ambiri amaiwala ndi mvula. Chovala cha kaunjika chimafunika kuchapa mwana asanavale, ndipo gawuni yokhuthala siuma tsiku limodzi kukachita mitambo. Ikauma muisite ndithu, chifukwa chovala chonyowa choyanikidwa panja nyengo ino chimatha kuikiridwa mazira a ntchentche zija zobweretsa mphutsi pakhungu. Choncho ku kaunjika mupite ngati mwatsala ndi masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo mugule chokhacho chimene pa 26 chidzabwerere pabedi kapena pazenera.

Kubwereka sikufuna ndalama, koma kumadya ubale ngati simusamala. Yambani ndi gulu la WhatsApp la mpingo kapena la mlaga wanu. Chaka chatha kunalinso angelo, ndipo mapiko awo ali pamwamba pa wadiropu ya winawake akudya fumbi. Funso limodzi lokha, "Amayi, alipo amene anasunga mapiko kapena chisoti cha chaka chatha?", likhoza kukupulumutsani usiku wonse wodula makatoni.

Zabwino kubwereka ndi zimene sizing'ambika: ndodo ya agogo, dengu losandutsa modyera ziweto, chidole chokhala mwana Yesu, nyali yagalasi yosayatsa. Zovala ndiye zovuta. Shati yoyera ya alamu imaoneka bwino pa mngelo mpaka nthawi yogawa Sobo ikakwana. Chobwereka simungachidule, simungachiboole ndi mapini paliponse, ndipo mwana amakhala womangika chifukwa cha "usadetse" wanu. Mkanjo wa aneba achisilamu umakhala bwino kwambiri pa anzeru akum'mawa, koma ndi chovala chimene ambiri amapita nacho kumzikiti. Mukafuna kupempha munene bwinobwino ntchito yake, ndipo akakana musadandaule. Chimodzimodzi yunifolomu ya amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano. Bulauzi ndi duku zoyera mbee zija zimakopa pamene mukufuna choyera usiku, koma zimenezo anavekedwa pamaso pa mpingo, si zoseweretsa ana. Zisiyeni m'sutikesi momwemo.

Tsopano za m'nyumba, kumene ine ndimaima. Palibe nyumba yopanda chitenje, ndipo chitenje chimodzi, chotalika pafupifupi mamita 2, chimakwanira mwana wa ku pulayimale popanda lumo kapena singano. Kwa m'busa, mwana avale kaye tisheti yopanda zolemba (ngati ili nazo, itembenuzeni). Dutsitsani chitenje kunsi kwa mkono umodzi, mumange nsonga ziwiri zam'mwamba paphewa linalo, kenako mumange m'chiuno ndi chingwe n'kukokera nsalu m'mwamba pang'ono kuti ilendewere pa chingwecho mpaka m'munsi mufike pakatumba. Chikafika kumapazi, mwana adzagwa pothamangira ku Betelehemu. Kwa Mariya, chitenje chimodzi m'chiuno monga mwa masiku onse, china chofunda kuchokera kumutu, chogwidwa ndi pini pansi pa chibwano. Anthu anazolowera kumuona Mariya mu zobiriwira ngati mtambo ndi zoyera chifukwa cha zithunzi, koma Luka satchula mtundu wa zovala zake. Nsalu imene amaitchula m'chaputala 2 ndi yokulunga khanda basi. Ndiye musavutike kusaka buluu ngati mulibe.

Sankhani zitenje zakale zosuluka, zofiirira kapena zamizere, ndipo mukazitembenuza maluwa ake amazilala, siziphokosera m'maso. Zachipani zikhale kutali. Mariya wofunda nkhope ya phungu amasokoneza tchalitchi chonse, ndipo anthu adzakamba zimenezo mpaka Pasaka. Kumutu kwa m'busa ndi Yosefe ikani pilo kesi kapena tawulo laling'ono, lomangidwa pamphumi ndi tayi yakale ya bambo. Legeni imagwira bwino koma imathina, mwana amayamba kumva mutu sewero lisanafike pakati.

Ndevu zili ndi njira zitatu ndipo sizifanana. Makala ndiwo achangu: kupera pang'ono, kusakaniza ndi kadontho ka Vaseline, kupaka ndi chala. Kuipa kwake ndi thukuta la Disembala, chifukwa mwana akangopukuta kumaso ndi dzanja, ndevu zimafika pamphumi ndi pachitenje cha mnzake. Thonje limapereka ndevu zoyera za nkhalamba, koma limathothoka n'kulowa m'kamwa polankhula. Zopambana ndi za khonje. Dulani chingwe cha khonje tizidutswa totalika ngati chala, mutimasule, mutipese ndi chipeso, kenako mutisokere pa kansalu kopyapyala kodutsa pachibwano, kokoleka m'makutu ndi lastiki. Mukafuna zoderako, ziviikeni mu tiyi wamphamvu wopanda mkaka n'kuziyanika pafupi ndi mbaula. Zimayabwa pang'ono, kotero mwana azivale atatsala pang'ono kulowa. Wa mbali ya Zakariya kapena Simiyoni, kumuwaza ufa woyera m'tsitsi kumamukalambitsa nthawi yomweyo.

Chisoti chachifumu chimafuna katoni yopyapyala, ngati ya sopo kapena ya mabisiketi, osati yokhuthala ya mafuta ophikira yomwe imathyoka poipinda. Yezani mutu wa mwana ndi chingwe, muonjezere zala zitatu za polumikizira, mudule mano kumtunda. Chonyezimira musagule. Mapaketi a makirisipi mukawang'amba n'kuwatsuka, mkati mwake ndi mwasiliva, ndipo zitsekerero za mabotolo zimakhala ngati miyala yamtengo wapatali mukaziona patali. Zomatira nazo zili m'khitchini: masupuni awiri a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi, kutakasa pamoto mpaka phala lake lichite kuwala, n'kulisiya lizizire. Limamata pepala pa katoni mwamphamvu, koma limafuna usiku wathunthu kuti liume, ndipo pa pulasitiki siligwira. Zonyezimira zija ndi zitsekerero muzisokere ndi singano yaikulu kapena muzigwire ndi sitepula.

Ngati katoni yakukanikani, Herode yekha ndiye akufunika chisoti. Mateyu m'chaputala 2 sanena kuti anzeru akum'mawa anali mafumu, ndipo sanenanso kuti anali atatu. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Chitenje chowala chokulungidwa kumutu mokwera chimawakwanira, ndipo mphatso zawo ndi kachitini ka majarini, kabokosi ka machesi ndi kabotolo ka mafuta odzola kotha, zokutidwa ndi pepala. Aphunzitsi amene ana awachulukira akhoza kukhala ndi anzeru asanu popanda kulakwira lemba.

Mapiko ndiwo amadya nthawi kuposa zonse. Ena amapinda waya wa mahang'ala n'kukutira nsalu ya lesi. Amaoneka bwino, ndi opepuka, koma angelo amaima mothinana kutsogolo ndipo nsonga ya waya ili pa msinkhu wa diso la mnzake. Mukasankha njira imeneyi, pindani nsonga zonse m'kati ndi kuzikulunga nsalu. Ine ndimakonda a katoni. Apa ndiye mutenge yokhuthala ija. Jambulani mapiko onse awiri pa katoni imodzi, olumikizana pakati, chifukwa odula padera amagwa limodzi n'kutsala limodzi. Asapitirire m'zigongono za mwana akatambasula manja, apo ayi sadutsa pakhomo. Boolani mabowo anayi pakati, mudutsitse tizingwe tiwiri tansalu tokoleka m'mapewa. Kenako dulani mapepala oyera a m'makope akale ngati masamba a mango, muwamate mizeremizere kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, uliwonse kuphimba theka la unzake, monga mmene amafolerera udzu padenga. Ntchito yodula imeneyi apatseni ana omwewo. Nthawi ikakutherani, pakani laimu kapena choko chonyowetsa pa katoniyo basi. Ali kumbuyo aona zoyera.

Pali zinthu zitatu za m'nyumba zimene zimaoneka zothandiza koma muzipewe. Choyamba ndi neti ya udzudzu. Ndi yoyera, yopepuka, ndipo mngelo wovala neti amakongola ndithu. Koma maneti amenewa ali ndi mankhwala opha udzudzu omwe amatha kuyabwa kumaso, ndipo Disembala ndi nthawi imene malungo akuyamba kuvuta. Neti yodulidwa chifukwa cha sewero ndi bedi lopanda neti mu Januwale. Chachiwiri ndi thumba la feteleza. Ngakhale mulikutumule, musaliveke pakhungu la mwana. La ufa, la mpunga kapena la shuga ndiye lilibe vuto mukalichapa, ndipo chiguduli chimamukhala bwino Yohane Mbatizi, bola avale tisheti m'kati. Chachitatu ndi jumbo yapulasitiki kumutu kwa mwana wamng'ono, kaya mwaiboola maso. Imeneyo ayi.

Za moto zikhale m'maganizo mwanu. Masewero ambiri amachitika usiku wa pa 24, ndipo magetsi akathima pamapezeka wina woyatsa kandulo. Thonje, khonje, katoni ndi lesi zonse zimayaka msanga. Mngelo kapena wonyamula nyenyezi apatsidwe tochi, osati kandulo.

Nkhosa musaivutikire. Tisheti yoyera, makutu awiri a katoni pa kansalu komanga kumutu, masokosi akuda m'manja, kadontho ka makala pamphuno. Kumata thonje thupi lonse ndi kutaya usiku, chifukwa kamwana ka zaka zinayi kadzakhala katalithothola kasanafike kutsogolo. Bulu ndi chimodzimodzi, makutu okha atalike. Asilikali a Herode ndiwo amasangalatsa kupanga: chitenje chofiira kumbuyo, chivindikiro cha poto ngati chishango, chipewa cha katoni chobayidwa tizitsotso ta tsache pamwamba. Lupanga likhale la katoni, osati lamtengo, chifukwa anyamata awiri okhala ndi malupanga sadikira nthawi yawo.

Mukayika njira zonse pamodzi, zimagawana ntchito. Abusa, Mariya, Yosefe, nkhosa ndi asilikali atha ndi za m'nyumba, usiku umodzi. Mapiko ndi chisoti yambani mwafunsa kwa amene anali nazo chaka chatha, zikasowa mudule katoni. Choyera cha mngelo ndicho chokhacho chingakutumizeni ku kaunjika, ngati m'nyumba mulibe nsalu yoyera ya pabedi kapena shati yakale ya bambo yofika mwana m'mawondo. Ngakhale amene ali ku Britain, kumene masukulu ambiri a pulayimale amachita sewero lomweli mu Disembala, adzapeza kuti abusa a kumeneko amamanga kumutu kansalu kopukutira mbale. Chitenje chochokera kumudzi chimaposa pamenepo.

Nzeru yomweyi imagwira pa masiku ena a kusukulu. Tsiku loti ana avale monga antchito osiyanasiyana, dokotala ndi shati yoyera yosamanga mabatani ndi mahedifoni akufa omangiriridwa chitsekerero cha botolo kumapeto. Mtolankhani ndi chitsononkho chovekedwa sokosi yakuda ndi kope m'manja. Woweruza milandu ndi nsalu yakuda ndi thonje losokerera pa duku. Mlimi ndiye wosavuta, ngakhale ana ambiri amamukana. Mwana akafuna kukhala msilikali musamugulire zamawangamawanga za ku kaunjika, chifukwa a Malawi Defence Force akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zofanana ndi yunifolomu yawo. Kabudula wa khaki ndi timendulo ta katoni zikwanira.

Pa tsiku la chikhalidwe, kaya kuno kapena ku South Africa kumene masukulu amakumbukira Heritage Day ya pa 24 Seputembala, kubwereka ndiko kumapambana, chifukwa chikumba, nthenga ndi chishango cha Chingoni sizipangika bwino ndi katoni. Mtsikana ndi chitenje chomanga pachifuwa, duku ndi mikanda wamaliza. Chimene musayerekeze ndi kumuveka mwana ngati chilombo cha Gule Wamkulu. Bungwe la United Nations la UNESCO linauzindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma eni ake ndi olowa kudambwe, ndipo kusanzira chigoba chake pa masewera a sukulu kumapweteka anthu ndiponso kukhoza kukuitanirani mlandu kwa amfumu.

Chilichonse mwasankha, mwana ayese zovala zake usiku woti mawa ndi sewero. Ayende, agwade, akweze manja, anene mawu ake ndevu zili pachibwano. Pamenepo ndi pamene mudzaone kuti mfundo ya paphewa ikumasuka kapena chisoti chikutsikira m'maso (pindani pepala muike m'kati). Pa tsikulo asachoke pakhomo atavala. Katoni ndi phala la chinangwa sizipirira mvula ngakhale yowaza, kotero mapiko ndi chisoti zilowe m'thumba lalikulu, mwana akavalire kutchalitchi, atapita kaye kuchimbudzi musanamumange zitenje. M'chikwama chanu muikemo mapini asanu ndi kachingwe kapadera, chifukwa pakhomo la tchalitchi mudzakumana ndi mngelo wa eni ake phiko limodzi lili m'manja.